Chimanga chomwe chinathawitsidwa chisanaume: lipoti la banja limodzi la m'malire a nkhalango ya Kasungu, nyengo ya 2023/24

Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo midzi ina ya gawo langa ili m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu, kumadzulo kwa boma. Lipotili ndalembera alangizi anzanga, alimi otsogola, komanso omwe amalemba mayina a anthu ofunika thandizo la chakudya. Dzina la mudzi ndi la banja sinditchula. Chomwe chandichititsa kulemba ndi ichi: mu Malichi 2024, pa kauniuni wa zokolola, banjali ndinaliika pa mndandanda wa omwe chakudya chiwafikitsa Januwale. Pofika Seputembala anali atayamba kale kudya kamodzi pa tsiku. Munda ndinauyeza bwino, masamu sindinaphonye, koma zomwe ndinalemba zinali zabodza.

Banja ndi minda yake

Mutu wa banja ndi mayi wamasiye wa zaka za m'ma 50. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, mnyamata wawo womaliza yemwe panthawiyo anali Fomu 2, ndi adzukulu atatu. Pakamwa pasanu ndi pamodzi, koma ogwira khasu tsiku lonse ndi awiri. Munda wawo ndi maekala awiri ndi theka: ekala ndi theka chimanga, theka soya, theka mtedza. Dothi ndi lamchenga, lotopa, ndipo kumtunda kwake kaufiti amachita kufiira ngati wina anadzala dala. Kuchokera pa mzere womaliza wa chimanga kukafika pa mitengo ya nkhalango ndi ulendo woti mwana amathamanga osapuma.

Ali ndi dimba laling'ono kudambo, koma chaka chimenecho silinali m'manja mwawo. Alongo awo, omwe ndi mwinimbumba, anali atalibwereketsa kwa mlimi wa fodya kuti afesepo nazale. Nkhani ya dimbayi ndibwereranso, chifukwa pamapeto ndiyo inawagwira dzanja.

Momwe nkhondo yakutali inalowera m'mundamu

Alimi a kuno ambiri sadziwa komwe kuli Ukraine, koma mtengo wake anaulipira. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine inayamba pa 24 Febuluwale 2022, ndipo Russia ndi limodzi mwa mayiko omwe amagulitsa feteleza wambiri pa dziko lonse. Feteleza anali atayamba kale kukwera chaka cha 2021, nkhondoyo inangothira mafuta pamoto. Ife timagula feteleza kunja ndi ndalama zakunja, kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala, ndiye ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la m'sitolo linafika poposa katatu mtengo womwe tinkaudziwa mu 2020. Onani mwezi wa kugwa kwachiwiriko: Novembala, mlimi atagwira kale ndalama zake m'manja akupita kukagula.

Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP nayo inafinyika. Itayamba mu 2020/21 thumba linali K4,495 ndipo mabanja opindula anali oposa 3 miliyoni. Mu 2023/24 thumba linali K15,000, opindula atatsika kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Mayiwa anapindulapo zaka ziwiri zoyambirira, chaka chimenechi dzina lawo silinatuluke. Kunabweranso feteleza wamphatso wochokera ku Russia, matani 20,000, yemwe anaperekedwa mu Malichi 2023. Mlimi aliyense akudziwa kuti mu Malichi chimanga chimakhala chitasiya kale kufuna feteleza.

Ndiye anachita zomwe ambiri amachita. Anatenga ngongole ku banki m'khonde nakagula yuleya wopimitsa pa sikelo, makilogalamu 20, wokulitsa osagula n'komwe. Mwa malangizo athu ekala imodzi imafuna pafupifupi thumba la makilogalamu 50 la NPK wokulitsa ndi lina la yuleya wobereketsa. Iwo anali ndi makilogalamu 20 pa ekala ndi theka. Mbewu inali yobwereza, yotsala ku haibulidi wa chaka chatha, yosakaniza ndi chamakolo chomwe anapempha kwa anzawo a kutchalitchi.

Mvula

Nyengo ya 2023/24 inali ya El Niño, kusintha kwa nyengo komwe kawirikawiri kumabweretsa chilala kuchigawo chino cha Africa. Pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala. Kutsidya kwa nkhalangoyi, ku Zambia, mtsogoleri wa dzikolo Hakainde Hichilema anali atalengeza kale zomwezo pa 29 Febuluwale. Koma kuno kwathu vuto silinali kuti mvula inasoweratu. Inagwa mwa njomba. Tsiku lina ndinachoka pa mudzi umodzi matope ali m'mateyala a njinga yamoto, n'kukafika kwa mayiwa fumbi likuuluka, mtunda wosakwana ola limodzi wapansi.

Anadzala ndi mvula yoyamba kumayambiriro a Disembala. Inadula, mbewu yambiri inapsera m'nthaka, makamaka kumtunda komwe kuli mchenga weniweni. Chakumapeto kwa mweziwo mvula itabwerera anapakiza, ndipo mbali yonse yoyang'ana kunkhalango anachita kudzalanso. Munda umodzi unakhala ndi chimanga cha misinkhu iwiri, chosiyana pafupifupi masabata atatu.

Yuleya uja anathira kumapeto a Januwale, tsiku lomwe kumwamba kunachita mdima ndipo aliyense ankati igwa. Siinagwe. Anangomuika pamwamba pambali pa phesi osakwirira, poti ankathamangira kuti mvula imupeze. Yuleya akakhala pamtunda pa dothi lotentha, lachinyezi chochepa, mbali yake ina ndithu imauluka ngati mpweya. Ngongole inatsala, feteleza anapita ndi mphepo.

Kenako ng'amba ya mu Febuluwale, pafupifupi masabata atatu, inapeza chimanga choyamba chikumasula. Apa ndi pomwe alimi otsogola ayenera kumvetsa bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti chimanga chikakhalabe chobiriwira ndiye chapulumuka. Ngayaye imataya mungu kwa masiku owerengeka okha, mwina sabata imodzi. Ndevu za chisononkho zikasowa madzi zimachedwa kutuluka. Zikamadzatuluka mungu watha, ndipo ndevu iliyonse yomwe sinalandire mungu ndi njere imodzi yosowa. N'chifukwa chake mvula itabwerera chimangacho chinaimanso bwinobwino, koma ukasenda umapeza chisononkho cha magweru, njere apa ndi apo. Mukaphatikiza mamilimita a nyengo yonse pa pepala, chaka chimenecho sichioneka choopsa kwambiri kwathu kuno. Chinapha chimanga ndi masiku omwe mvulayo inasankha kujomba.

Chodzalanso chija ndiye chinapulumuka. Ng'amba inachipeza chisanamasule, chinapinda masamba n'kudikira, ndipo chinamasula mvula itabwerera. Ngakhale chinali chosowa feteleza, chinabereka zisononkho zodzadza. Ndi chimenechi chomwe ndinayeza mu Malichi. Ndinawerenga mapesi, ndinasenda zisononkho zingapo, ndinaphatikiza ndi zochepa za kumtunda, n'kulemba matumba 10 kapena 11 a makilogalamu 50. Banja lotere limadya thumba limodzi ndi pang'ono pa mwezi likamasamala. Ndinawauza kuti, “Amayi, mwapulumuka. Chaka chino simuli m'gulu la olira.” Anangoti, “Alangizi, mwaona komwe chaima chimangachi?” Ndinamva ngati akunena za mchenga.

Njovu

Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudzaikidwa m'nkhalango ya Kasungu, komwe chiwerengero chake chinali chitatsika kwambiri chifukwa cha opha nyama mozemba. Cholinga chake ndikuchimvetsa, ndipo ntchito yomanga mpanda wa magetsi kumalire akum'mawa inalipo. Koma munda sudikira mpanda. Kuyambira nthawi imeneyo midzi ya m'malire, kuno ndi ku Zambia komwe, yakhala ikudandaula za mbewu zodyedwa, ndipo anthu ena anataya miyoyo.

Njovu imadziwa nthawi ya dowe kuposa mlangizi. Minda yomwe inadzalidwa ndi mvula yoyamba n'kumera bwino inali itayamba kuuma mu Epulo. Chimanga chachiwisi, chotsekemera, chinatsala m'minda yodzalanso, ndipo mwa mindayo wa mayiwa ndiwo unali kutsogolo. Chomwe chinathawa ng'amba chinakakumana ndi njovu. Bambo wina wa m'mudzimo, yemwe anadzala mbewu yochedwa kucha ija yotchedwa Njovu, ankaseka yekha kuti eniake dzina abwera kudzatenga chawo. Kuseka kwake kunali kwa munthu woti misozi yatha.

Mnyamata uja anamanga chilindo nayamba kugona kumunda ndi anzake awiri. Zida zawo zinali moto, zitini zoimba ndi tochi ya mabatire. Kusukulu ankapita masiku ena, n'kumakagona pa desiki. Usiku woyamba njovu zinangodutsa m'mbali n'kudya maungu. Usiku wachitatu zinalowa, ndipo m'mawa mwake ndinapeza pafupifupi kota ya ekala itagona pansi. Zomwe zinadyedwa zinali zochepa poyerekeza ndi zopondedwa. Usiku umenewo anyamatawo anathawa, ndipo anachita bwino.

Mayiwa sanadikire usiku wachinayi. Anaitana anzawo a mumpingo, n'kudula chimanga chonse ndi mapesi omwe, kututira kumudzi pamutu ndi pa njinga. Ine ndinamva zitachitika kale. Ndikanakhalapo sindikanawaletsa. Pakati pa chimanga chosauma ndi mwana wopondedwa ndi njovu palibe chosankha.

Zomwe zinachitika m'nyumba

Gawo ili ndi lomwe fomu yathu ya kauniuni ilibe malo olembapo, ndipo ndi pomwe chakudya chambiri chinatayika.

Chimanga chimakhwima njere ikakhala ndi kadontho kakuda pansi pake, pomwe imalumikizana ndi chitsononkho. Ngakhale pamenepo chimakhala chikadali ndi madzi ambiri, cha m'ma 30 peresenti, pomwe chosunga chimafunika chitsike kufika pa 13. N'chifukwa chake makolo ankasanja mikukwe m'munda kuti dzuwa ndi mphepo zimalize ntchito. Cha mayiwa china chinali chisanafike n'komwe pa kadontho kakudako. Mikukwe kumunda sakanasanja. Panja pa nyumba sanafune kuyanika chambiri, poti chaka cha njala akuba amayenda masana, ndiponso njovu zikanunkhiza chimanga zimafika mpaka pakhomo n'kuphwasula nkhokwe. Ndiye anasenda n'kuunjika m'chipinda chogona, pa dothi, chitseko chotseka. Mu Epulo momwemo kunagwa kamvula ka masiku angapo. China anatonola chikadali chofewa n'kuthira m'matumba, akuti chisatenge malo.

Nditafika patapita masabata awiri ndinamva fungo ndili pakhonde. Nditapisa dzanja m'thumba munali motentha ngati muli nkhuku yofungatira. Njere zinali zitagwirana, zina zobiriwira, zina zakuda. Tinakhuthula zonse pa mphasa n'kuyamba kusankha, ine, mayiwa ndi mwana wawo, tsiku lonse. Choyera chinakwana matumba anayi ndi theka. Chokayikitsa, matumba awiri. Chotsalacho chinali chowola.

Ndinawafotokozera za chuku: kuti poizoni wake saphedwa ndi moto, kuti nsima yake ikhoza kuoneka bwino koma imawononga chiwindi pang'onopang'ono ndiponso imapinimbiritsa ana, kuti ngakhale nkhuku ndi nkhumba zisadye. Anamvetsera mwaulemu. Kenako anati, “Alangizi, ndamva. Nanga adzukuluwa ndiwauze kuti adye malangizo?” Chowolacho anagulitsa kwa ophika kachasu. Matumba awiri okayikitsa aja ndikudziwa kuti anakonola, kuviika, n'kugayitsa. Kukonola ndi kuviika kumachotsako mbali ya poizoniyo, koma osati yense. Sindinawadzudzule, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti ndikanati chiyani.

Soya ndi msika

Soya anachita bwinoko, poti njovu sizinamusamale ndipo ng'amba anaipirira. Akanasungidwa mpaka mitengo itakwera, akanagula chimanga cha miyezi iwiri kapena itatu. Koma ngongole ya yuleya uja inali itakwana nthawi, ndipo ku banki m'khonde amakhala anthu omwe umakumana nawo pa mjigo tsiku lililonse. Anagulitsa kwa venda woyamba yemwe anaimika sikelo pansi pa mtengo. Mtedza wambiri unali mphwephwa, wotsalawo anasunga wa mbewu ndi wa nsinjiro.

Mtengo wotsikitsitsa wa chimanga womwe boma linalengeza mu 2024 unali K650 pa kilogalamu. Pofika Januwale 2025 m'misika yambiri unali utadutsa K1,000. Zaka zina chimanga cha ku Zambia chimalowa pa njinga n'kuziziritsako mitengo m'misika ya kumalire, koma chaka chimenecho nawonso anali ndi chilala chawo. Lipoti la komiti ya MVAC, yomwe imaunika za kusowa kwa chakudya m'dziko muno, linati anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adzasowa chakudya pakati pa Okutobala 2024 ndi Malichi 2025. Banjali linali m'gulu limenelo, koma pa pepala langa linali kunja.

Zomwe tinachita

Choyamba chinali kukonza bodza langa. Ndinapita kwa anyakwawa ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'kunena poyera kuti chiwerengero chomwe ndinapereka mu Malichi sichikugwiranso ntchito, osati kwa banja ili lokha koma kwa onse omwe anakolola mothawitsa. Titayenda khomo ndi khomo tinapeza kuti fungo lomwe lija lili m'nyumba zambiri za mzere woyang'ana kunkhalango. Mayina anawonjezedwa mochedwa, koma anawonjezedwa, ndipo banjali linalandirako thumba la makilogalamu 50 miyezi ina ya njala.

Matumba anayi ndi theka aja tinayanikanso pa nsanja, masana okhaokha, mdzukulu wamkulu akulondera. Kuti tidziwe ngati chauma tinagwiritsa ntchito botolo louma ndi mchere: kuthiramo njere ndi mchere wouma, kukhutchumula, n'kudikira pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Chitauma tinathira m'matumba awiri osalowa mpweya a PICS omwe mlimi wotsogola anawabwereka, chotsalacho anayamba kudya. Ndikuchenjeza anzanga: thumba la PICS limapha nankafumbwe pomutsekera mpweya, koma mukathiramo chimanga chonyowa mwangochikonzera manda abwino.

Dimba ndilo linatenga nthawi. Mlandu wa pachibale mlangizi saulowerera chisawawa. Ndinayamba ndakacheza ndi alongo awo aja, osatchula dimba, kungowafotokozera zomwe ndinaona pa mphasa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, “Mlongo wangayo bwanji osandiuza?” Mayiwa nawo ankati, “Achimwene anadya kale ndalama za eni fodya, ndikawauza ndiwachititsa manyazi.” Anyakwawa anawakhazika pansi pamodzi ndi mwini nazale, ndipo anagwirizana kuti nazale itenge mbali imodzi, mbali yotsalayo ibwerere kwa mayiwa nthawi yomweyo. Mu Julayi anadzalamo chimanga chocha msanga, nyemba ndi mpiru, ndipo m'mphepete anaokamo mbatata yofiira m'kati ya Kaphulira. Kuthirira kunali kwa ndowa. Dimba lili kutali ndi nkhalango, pakati pa midzi, ndipo njovu sizinafikeko. Chimanga chake anayamba kudya chakumapeto kwa Okutobala, mpiru unkabweretsa ya mchere ndi ya chigayo. Kudya kamodzi kunachoka pa miyezi yomwe ndinkaopa kufika pa masabata owerengeka.

Zina zomwe ndinalangiza zinalephera, ndipo ndizinene. Ndinawauza za manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, phulusa, madeya ndi feteleza pang'ono n'kuvundikira masiku 21. Mwana wawo anandiyang'ana n'kufunsa kuti madeyawo achokera kuti, poti chaka cha njala madeya ndi ufa, ndipo pa chigayo amachita kulimbirana. Ndinalangiza kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti isunge chinyezi, kuiwala kuti mapesi anatutidwa kupita kumudzi pamodzi ndi chimanga, ndipo otsala kumunda anatenthedwa ndi osaka mbewa. Njerwa za tsabola wosakaniza ndi ndowe za njovu, zomwe utsi wake umathamangitsa njovu, zimafuna tsabola wambiri woti mudzi wonse ulime, osati wa pa ndiwo. Chinatheka ndi ngonyeka m'mizere, kompositi wa masamba ndi ndowe za mbuzi, ndi kuthira feteleza m'kadzenje n'kukwirira.

Mu Novembala 2024, nthawi yomwe ndinkafunika kwambiri kumundako, sindinapiteko masabata atatu. Mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, ndipo zipolowe zomwe zinabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala zinasokonezanso misewu yomwe katundu wathu amadzera. Njinga yamoto inagona pa mzere ku boma la Kasungu, ine ndikulangiza pa foni ya mlimi wotsogola.

Momwe zinthu zilili

Pokonzekera nyengo yotsatira tinatembenuza munda. Mzere woyang'ana kunkhalango tinaika soya, chimanga tinachikokera kumbali ya mudzi. Ndalama ya mpiru inagula paketi ya makilogalamu awiri ya mbewu yocha msanga ya Kanyani, kuti chikhwime pamodzi ndi cha anzawo, chisatsalenso chokha chachiwisi. Mabanja a mzere umenewo anagwirizana kudzala sabata imodzi ndi kulondera mosinthana, akuluakulu okhaokha, ana asukulu ayi. Pakhomo pa mayiwa tinaimika nsanja yoyanikirapo yofoleredwa ndi udzu, mpweya uzidutsa pansi, kuti akadzathawitsanso chimanga chisadzagonenso pa dothi.

M'kabuku kanga ndinajambula mizere itatu yomwe pa fomu palibe: tsiku lomwe chimanga chinamasula, tsiku lomwe chinachoka m'munda, ndi komwe chinakaumira. Midzi ya m'malire ndimabwererako mu Meyi kukapisa dzanja m'matumba ndisanatumize chiwerengero chomaliza.

Mnyamata uja anabwereza Fomu 2. Alongo awo a mayiwa anenetsa kuti mwini fodya akufunanso dimba lonse chaka chamawa, ndipo walonjeza ndalama yokwerako. Anyakwawa ati nkhaniyo aikamba anthu akamaliza kupalira.